Fender '63 Tube Reverb: kabokosi kamene kanandionetsa kumene nyimbo za surf zinachokera

Papita miyezi 8 chigulireni kabokosi ka Fender '63 Tube Reverb kwa woimba wina amene anasiya zoimba m'mabandi, ndipo ndikuona kuti tsopano ndakagwiritsa ntchito mokwanira moti ndingathe kunena maganizo anga popanda kutengeka ndi chisangalalo cha masiku oyamba. Ambiri akakaona koyamba amaganiza kuti ndi ampulifaya yaing'ono, chifukwa kali ndi chogwirira pamwamba, nkokutidwa ndi chinthu chabulauni chooneka ngati chikopa, ndipo kutsogolo kwake kuli nsalu yonga imene imabisa sipika. Koma kalibe sipika ndipo pakokha sikatulutsa mawu. Malo ake ndi pakati pa gitala ndi ampulifaya, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha, ndiyo kupatsa mawu a gitala mchira wautali wonjenjemera umene oimba amautcha reverb. Ndi kabokosi kotere kamene anyamata a kum'mwera kwa California ankaimbira nyimbo za surf, zija zopanda mawu zimene zinatchuka pakati pa okwera mafunde ndi matabwa kuyambira 1961 mpaka 1964.

Ndinakagula ndikukhulupirira kuti chinsinsi chonse cha nyimbo zimenezi chili m'kati mwake. Chikhulupiriro chimenechi sichinathe, koma chinasintha, popeza kabokosika kandionetsa chinthu chimene ndinali ndisanachimve bwino m'zaka zonse zimene ndakhala ndikumvetsera nyimbozi: ukachotsa reverb, zimene zimatsala m'manja mwako ndi rock and roll wa zaka za m'ma 1950, wathunthu, wosasowa kanthu.

Ndiyambe ndi mmene kamagwirira ntchito, chifukwa wofuna kukagula ayenera kudziwa chimene akulipirira. Fender anatulutsa kabokosi koyamba ka mtundu umenewu, kodziwika ndi nambala ya 6G15, mu 1961, ndipo anakapanga mpaka 1966. Nzeru yopanga reverb ndi masipuling'i inachokera ku kampani ya Hammond, imene inkafuna kuti malimba ake amagetsi azimveka m'nyumba ya munthu ngati mmene amamvekera m'tchalitchi chachikulu. Kamene ndili nako ine ndi kopangidwa mobwereza kuyambira m'zaka za m'ma 1990, motsanzira ka 1963. M'kati mwake muli mavalavu atatu, timachubu tagalasi tokweza mphamvu ya mawu, a 12AT7, 12AX7 ndi 6V6, komanso kathireyi kachitsulo kotalika masentimita opitirira pang'ono 40, kamene oimba amakatcha thanki ngakhale mulibe madzi. Mu thankimo muli masipuling'i aatali oonda. Mawu a gitala akalowa amagawika pawiri. Gawo lina limadutsa osakhudzidwa, pamene lina limakwezedwa mphamvu n'kukagwedeza masipuling'iwo ku mapeto amodzi, ndipo kugwedezekako kumathamanga uku ndi uku m'masipuling'imo mpaka kutha pang'onopang'ono. Ku mapeto enawo kuli kachipangizo kamene kamatola kugwedezekako n'kukusandutsanso mawu. Palibe kompyuta iliyonse m'katimo, koma chitsulo chimene chikunjenjemera ndithu, ndipo mukagogoda kabokosika ndi chala kali koyatsa mumamva masipuling'iwo akuyankha mu sipika.

Usiku woyamba ndinataya pafupifupi ola lathunthu ndikuganiza kuti ndagula chinthu chakufa. Ndinalumikiza mawaya bwinobwino, mavalavu anatentha, koma reverb imene inkatuluka inali yaifupi, yogontha, ngati munthu akulankhulira m'bulangete. Nditatembenuza kabokosi n'kuunika kumbuyo ndi tochi, ndinaona kachitsulo kamene kamakankhira thanki pa siponji kuti masipuling'i asamawombane poyenda. Mwini wake wakale anali atatseka loko imeneyi, monga mmene ayenera kuchitira aliyense wosamala, ndipo ine sindinaitsegule. Nditangoisuntha n'kugunda nsambo imodzi, chipinda chonse chinadzaza. Ndikulemba zimenezi kuti wina asadzabweze katundu wabwino poganiza kuti ngwowonongeka, komanso kuti asadzaiwale kutseka lokoyo asanaike kabokosika m'galimoto, makamaka ngati msewu wake uli wa mabampu.

Mabatani otembenuza alipo atatu okha, ndipo ali pamwamba. La Dwell limalamulira mphamvu imene ikupita kukagwedeza masipuling'i, la Mixer limasakaniza mawu ouma, aja odutsa osakhudzidwa, ndi mawu a reverb, ndipo la Tone limakweza kapena kutsitsa kuthwa kwa reverb yokhayo osakhudza mawu oumawo. Oimba nyimbo za surf ali ndi chizolowezi choyambira poika onse atatu pa 6, ndipo ndapeza kuti ndi poyambira pabwino, ngakhale kuti m'chipinda chaching'ono cha simenti ndimabweza Tone kufika pa 4 kuti makutu asatope. Apa ndi pamene kabokosika kamasiyana ndi reverb imene imabwera kale m'kati mwa ampulifaya. Fender anayamba kuika reverb m'maampulifaya ake mu 1963, kuyambira ndi Vibroverb, koma kumeneko batani limakhala limodzi, ndipo masipuling'i amagwedezedwa ndi valavu yaing'ono. M'kabokosi kapadera aka amagwedezedwa ndi valavu yamphamvu, ya mtundu umene m'maampulifaya ang'onoang'ono umayendetsa sipika, ndipo zonsezi zimachitika mawu asanalowe n'komwe mu ampulifaya. Choncho ampulifaya imalandira mawu onyowa kale n'kuwakweza onse pamodzi.

Chotsatira chake ndi kamvekedwe kamene oimba amakatcha drip, ndipo n'chifukwa cha kamvekedwe kameneka kuti anthu amafunafunabe kabokosika. Mukatsamiritsa chikhatho pa nsambo pafupi ndi mlatho wa gitala, pamene nsambo zimatsamira kumunsi, n'kugunda nsambo yaikulu mwamphamvu ndi piki, kapulasitiki kogundira nsambo, pambuyo pa kugundako pamamveka kaphokoso kakafupi kothwa, konga dontho la madzi lochokera padenga likagwera m'ndowa yachitsulo imene muli madzi pang'ono. Sikamveka mukaimba mofatsa kapena mukasiya nsambo kuti ilire momasuka. Kamafuna dzanja lolimba, nsambo zonenepa ndi Dwell wokwera. Ndayesa tizipangizo tingapo tamakono toponda ndi phazi timene timatsanzira reverb ya masipuling'i pogwiritsa ntchito kompyuta, ndipo tina timayandikira kwambiri, koma dontho lake limakhala lofanana nthawi zonse. Pa kabokosi aka dontho limasintha malinga ndi mmene mwagundira, moti pakapita masabata ochepa dzanja limaphunzira kulikulitsa kapena kulichepetsa osakhudza batani lililonse.

Tsiku lina madzulo, ana a m'nyumba yoyandikana nayo atagona, ndinafuna kuyeserera mwakachetechete, ndipo ndinabweza Mixer mpaka pansi penipeni. Ndinapitiriza kuimba mizere yomweyo ya surf imene ndinkaphunzira, ndipo zimene ndinamva zinandiimitsa. Makodi anali atatu aja a blues, oyenda m'magawo 12. Zala za kumanzere zinkakanikiza nsambo ziwiriziwiri monga ankachitira Chuck Berry. Nyimbo yeniyeniyo inkayenda pa nsambo zazikulu, pansi, monga ankaimbira Duane Eddy. Kuyambira tsiku limenelo batani la Mixer lakhala ngati mphunzitsi wanga wa mbiri ya nyimbozi, popeza ndikalitsitsa ndimakhala mu 1958, ndipo ndikalikweza ndimafika mu 1963 ndisanasinthe chala ngakhale chimodzi.

Zimenezi sizodabwitsa munthu akaona zimene zinkachitika ku America m'zaka zimenezo. Little Richard anasiya rock and roll chakumapeto kwa 1957 kuti akatumikire Mulungu, Elvis Presley analowa usilikali mu Malichi 1958, Buddy Holly anamwalira pa ngozi ya ndege pa 3 Febuluwale 1959, ndipo Chuck Berry anamangidwa mu Disembala chaka chomwecho. Oimba ndi pakamwa akuluakulu atachoka kapena kuchepa mphamvu, nyimbo za zida zokhazokha zinapeza malo. The Champs anatchuka ndi “Tequila” mu 1958, Link Wray anatulutsa “Rumble” chaka chomwecho, nyimbo yopanda mawu imene mawailesi ena anakana kuiulutsa poopa kuti ilimbikitsa ndewu za achinyamata, ndipo Johnny and the Hurricanes anabwera ndi “Red River Rock” mu 1959. Ku Clovis, m'chigawo cha New Mexico, The Fireballs ankajambula nyimbo za magitala mu situdiyo ya Norman Petty, yomwe ija ankajambuliramo Buddy Holly. Kenaka mu 1960 The Ventures, anyamata a ku Tacoma, anatenga “Walk, Don't Run”, nyimbo ya woimba jazz Johnny Smith imene anaimva pa chimbale cha Chet Atkins, n'kuiimba ndi magitala awiri, besi ndi ng'oma, ndipo inafika pa nambala 2 m'dziko lonselo. Kwa mwana wa sukulu ya sekondale ku California, uthenga wa nyimbo zimenezi unali womveka: anzake atatu, magitala ndi garaja ya bambo ake zinali zokwanira kuyambitsa bandi, ngakhale pasakhale wodziwa kuimba ndi pakamwa.

Ngakhale chilakolako cha mawu onyowa sichinayambe ndi okwera mafunde. Ku Memphis, Sam Phillips wa Sun Studio ankagwiritsa ntchito makina awiri a tepi kuti mawu azibwerera kamodzi mofulumira, ndipo eko yaifupi imeneyo ndi imene imamveka pa nyimbo zoyambirira za Elvis. Scotty Moore, woimba gitala wa Elvis, anagula ampulifaya ya EchoSonic yopangidwa ndi Ray Butts, imene inali ndi tepi m'kati, kuti eko yomweyo azikhala nayo pa siteji. Koma kholo lenileni la kabokosi kanga ndi thanki ya madzi ya ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona. Situdiyo imene Lee Hazlewood ankajambuliramo Duane Eddy inalibe chipinda cha eko, choncho anagula thanki yopanda kanthu ya magaloni 2,000, anaika sipika ku mapeto amodzi ndi maikolofoni ku mapeto ena, ndipo mawu a gitala ya Gretsch ya Eddy ankadutsa m'menemo. Aliyense amene ali mwana anaikapo mutu mu mgolo wopanda kanthu n'kufuula akudziwa mmene mawu amakulira m'chitsulo chotero. “Rebel-'Rouser” ya 1958 inajambulidwa choncho. Chimene Fender anachita mu 1961 chinali kuika kamvekedwe ka mtundu umenewo m'kabokosi koti mnyamata angathe kukanyamula ndi dzanja limodzi kupita nako ku dansi.

Pano m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri timazisokoneza, chifukwa wina angagule kabokosika akufuna china. Eko imabweza mawu momveka, kamodzi kapena kangapo, moti mungathe kuwerenga. Reverb imawamwaza kuti akhale ngati nkhungu. Amene amakonda gitala ya Hank Marvin wa The Shadows, gulu la ku Britain, akufuna eko, popeza iye ankagwiritsa ntchito makina obweza mawu, ndipo kabokosi aka sikangamupatse zimenezo ngakhale atatembenuza mabatani motani.

Dick Dale, amene amatchedwa mfumu ya gitala ya surf, ndiye umboni waukulu wa zimene ndikunenazi. Anabadwira ku Boston mu 1937, dzina lake lenileni linali Richard Monsour, ndipo banja lake litasamukira ku California anayamba monga woimba country ndi rockabilly, rock and roll woyambirira wosakanikirana ndi country, kujambula nyimbo zoimba ndi pakamwa pa kampani ya bambo ake ya Deltone. Mu 1961 ankaimba mu holo ya Rendezvous Ballroom ku Balboa, m'mphepete mwa nyanja ku California, kumene achinyamata masauzande ankadzaza kumapeto kwa sabata, ndipo fakitale ya Fender ku Fullerton inali m'boma lomwelo la Orange County. Maampulifaya a nthawi imeneyo sankapirira kaimbidwe kake m'holo yaikulu chotero, choncho Leo Fender, mwini fakitaleyo, ndi womuthandiza wake Freddie Tavares ankamupatsa zida kuti aziyese, ndipo ntchito imeneyi inathandiza kukhwimitsa ampulifaya ya Showman yokhala ndi sipika ya JBL ya mainchesi 15. Koma “Let's Go Trippin'”, imene inatuluka mu Seputembala 1961 ndipo ambiri amaiwerengera monga chiyambi cha nyimbo za surf, ilibe reverb ya kabokosika. Ndi nyimbo youma ya makodi a blues, yoimbidwa ndi bandi imene inali ndi masakisofoni monga mabandi a rock and roll a nthawi imeneyo. Dale mwiniwake ankafotokoza kuti poyamba reverb ankaifunira mawu ake apakamwa, ndipo anadzalumikizako gitala pambuyo pake. Ndiye kuti achinyamata a ku Balboa ankavina kale nyimbo zimene ankazitcha zawo kabokosika kasanafike pa gitala.

Ndayesa kuimba nyimbo zingapo zodziwika za nthawiyo ndikukweza ndi kutsitsa Mixer, ndipo iliyonse imaulula makolo ake mosiyana. “Wipe Out” ya The Surfaris, imene inafika pa nambala 2 mu 1963, ndi blues ya magawo 12 yopanda chobisika, ndipo mphamvu yake ili pa ng'oma za Ron Wilson, amene anatenga kagundidwe kake ku bandi yoguba ya kusukulu n'kukafulumizitsa. Imeneyi imaima bwinobwino ngakhale popanda reverb. “Pipeline” ya The Chantays, anyamata a sukulu ya ku Santa Ana, ndi yosiyana, popeza kutsetsereka kuja kwa nsambo yaikulu kumene imayambira, ngati funde likusweka, kumafota mukachotsa masipuling'i. Pamenepo kabokosika kamakhala mbali ya nyimboyo. Za The Beach Boys, amene anabweretsa mawu apakamwa mu surf, nkhani yake inafika mpaka pa umwini: “Surfin' U.S.A.” ya 1963 inatenga maimbidwe a “Sweet Little Sixteen” ya Chuck Berry ya 1958, ndipo umwini wa nyimboyo unaperekedwa ku Arc Music, kampani yosindikiza nyimbo za Berry, dzina lakenso n'kuyamba kulembedwa pa zimbale pambuyo pake. Carl Wilson wa gululi ankaimba gitala motsatira Berry poyera, ndipo pa nyimbo zotere kabokosika kamangofunika pang'ono.

Pali nkhani imodzi imene imandikhudza kuposa zonse. Mu 1961 Freddie King, woimba blues wobadwira ku Texas, anatulutsa chimbale cha nyimbo za gitala zopanda mawu. Mu 1963 kampani ya King Records inatulutsanso nyimbo zomwezo, itawonjezerapo phokoso la anthu osangalala, pansi pa dzina lakuti “Freddy King Goes Surfin'”. Kaimbidwe ka mwiniwake sikanasinthidwe, ndipo chimbalecho chinaikidwa pa msika monga nyimbo za okwera mafunde. Zimenezi zikusonyeza kufupika kwa mtunda pakati pa mitundu iwiriyi, komanso zikukumbutsa kuti maziko a nyimbo zimene zinkavinidwa ndi achinyamata achizungu a m'mphepete mwa nyanja ya Pacific anaikidwa ndi oimba achikuda a blues ndi rock and roll, amene mayina awo satchulidwa kawirikawiri nkhani ya surf ikamakambidwa.

Sikuti onse a nthawi imeneyo anakalandira kabokosika ndi manja awiri. Gulu la The Bel-Airs, la dera la South Bay ku Los Angeles, limene linatulutsa “Mr. Moto” mu 1961, linagawanika pa nkhani yomweyi. Eddie Bertrand ankafuna reverb yochuluka monga ya Dick Dale, pamene Paul Johnson ankafuna kuti magitala awiri azimveka moyera polankhulana, ndipo Bertrand anachoka n'kukayambitsa Eddie and the Showmen. Ndisanagule kabokosika ndinkaona ngati Johnson ankangokana zatsopano, koma tsopano ndikumumvetsa. Mukakweza Mixer kupitirira 7, mizere yofulumira imayamba kupondana, makodi amasungunuka, ndipo woimba gitala yachiwiri amasowa pokhala. Ndinaziona pamene ndinkayeserera ndi mnzanga wina: tonse awiri titalumikiza ku reverb yochuluka, sitinkamvana, mpaka iye anabwerera ku mawu ouma ndipo ine ndinatsala pa 5. Komabe The Astronauts, a ku Boulder m'chigawo cha Colorado, kutali kwambiri ndi nyanja, anasonyeza kuti reverb yochuluka ingathe kulamulidwa ngati gitala imodzi ikungogunda nsambo zotsamiritsidwa ndi chikhatho. Nyimbo yawo ya “Baja” ya 1963, imene oimba ambiri amayesera drip ya kabokosi kalikonse, inalembedwa ndi Lee Hazlewood, yemwe uja wa thanki ya madzi ya ku Phoenix.

Kunena chilungamo, si zonse za mu surf zimene zinachokera ku rock and roll, ndipo kabokosika kamaonetsanso zimenezo. Bambo ake a Dick Dale anali ochokera ku banja la ku Lebanon, ndipo iye anakula akumva amalume ake akuimba oud, chida cha nsambo cha Aluya. “Miserlou” yake ya 1962 ndi nyimbo yakale ya kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, ndipo kugunda nsambo imodzi mofulumira pansi ndi pamwamba kosalekeza kumene anatchuka nako kukufanana ndi kaimbidwe ka chida chimenecho. Iye ankatchulanso Gene Krupa, woimba ng'oma za jazz, monga amene anamuphunzitsa kugunda gitala ngati ng'oma. Makodi achisoni a ku Mexico ndi ku Spain analowanso m'nyimbozi, popeza California ali m'malire ndi Mexico. Mukatsitsa Mixer pa nyimbo zoterezi simumva Chuck Berry m'mizere ya gitala yotsogolera. Koma mukamvetsera ng'oma ndi besi pansi pake, kagundidwe kake ndi ka rock and roll, kotsindika pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, ndipo ndi kameneko kamene kankavinitsa anthu ku Rendezvous.

Tsopano za kabokosi kobwerezaka poyerekeza ndi koyambirira. Kusiyana kodziwika ndi kwakuti ka m'zaka za m'ma 1960 kanali ndi valavu ya 6K6 pamene aka kali ndi 6V6, ndipo mawaya a koyambako ankalumikizidwa pamanja pamene aka kali ndi bolodi yosindikizidwa. Oimba ambiri amaika 6K6 yakale m'kabokosi kobwerezaka ponena kuti imafewetsa mawu. Ine ndinayesa, ndipo ndinamva kuti kuthwa kwa pamwamba kwachepa ndipo Dwell angathe kukwera kwambiri mawu asanayambe kukhakhala, koma kusiyanako n'kochepa kuyerekeza ndi kumene kumabwera mukasintha nsambo kapena kagundidwe. Wofuna kusintha chilichonse m'kati apite kwa katswiri wa zamagetsi, chifukwa zida za mavalavu zimasunga magetsi oopsa ngakhale zitazimitsidwa.

Pali zinthu zimene wogula ayenera kuziganizira asanatulutse ndalama. Choyamba ndi magetsi: kabokosi kopangidwira msika wa ku America kamafuna mavoliti 120, pamene ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain magetsi a m'nyumba ndi a mavoliti 230, choncho werengani zolembedwa kumbuyo musanalumikize, ndipo ngati kali ka ku America mufunika thiransifoma yotsitsa mphamvu. Popeza masiku ano kamapezeka makamaka kwa anthu amene anakagwiritsapo kale ntchito, funsani ngati mavalavu anasinthidwapo, ndipo kayeseni musanalipire. Kamafunanso malo ake. Mukakaika pamwamba pa ampulifaya imene ikulira kwambiri, kapena pa siteji ya matabwa pafupi ndi woimba ng'oma, masipuling'i amatola kugwedezeka kulikonse ndipo nthawi zina amaphulika ngati bingu. Oimba surf ena amakagwedeza dala kuti atulutse bingu limeneli pakati pa nyimbo, koma likabwera losaitanidwa limasokoneza. Ine ndimakaika pa mpando wake pawokha, pa siponji yochindikala. M'nyumba mwanga munkamvekanso kulira kwapansipansi kwa magetsi pamene kabokosi ndi ampulifaya zinali pa masoketi osiyana, ndipo kunachepa nditazilumikiza pa soketi imodzi. Kuwonjezera apo, mawu ouma amatuluka atachepa pang'ono kuthwa mukakweza Mixer, makamaka ngati waya wopita ku ampulifaya uli wautali, choncho waya umenewo ukhale waufupi.

Mtengo wake si wochepa kwa chinthu chogwira ntchito imodzi, ndipo sindingalangize aliyense kuti akagule. Woimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kapena m'bandi ya maukwati, amene amangofuna kuti mawu asaume, akhutira ndi reverb ya mu ampulifaya yake. Wofuna kamvekedwe ka surf koma alibe malo kapena ndalama angayang'ane Boss FRV-1, kachipangizo koponda ndi phazi kamene kanapangidwa motsanzira kabokosi komweka, kapena SurfyBear, imene ili ndi masipuling'i enieni koma ilibe mavalavu. Koma kwa munthu amene akufuna kuphunzira nyimbo za zida zokhazokha za kuyambira 1958 mpaka 1964, nthawi imene The Beatles anafika ku America n'kusintha zokonda za achinyamata, kabokosi aka ndi koyenera ndalama zake, ndipo ine ndingakagulenso. Ndimakagwiritsa ntchito ndi gitala ya Jazzmaster yokhala ndi nsambo zosalala zonenepa, zoyambira pa saizi 12, ndi ampulifaya ya mavalavu imene reverb yake ndimaizimitsa. Poyeserera ndimayamba ndi Mixer ali pansi mpaka mzere uliwonse utamveka bwino wouma, monga ankaimbira The Fireballs ndi The Ventures, ndipo ndikakhutira ndimakweza Dwell pa 6, Tone pa 4, ndi Mixer pa 5 ngati pali gitala yachiwiri kapena pa 6 ngati ndili ndekha.